Fungo la Mango pa Malaya a Jamali

Abale anga, ya Farida ndi Jamali yafika poti ndikulemba uku ndikuseka ndekha kkkk. Amene simukuwadziwa imvani. Farida ndi mtsikana wa pa Kachulu, amasoka zovala pakhonde la golosale kufupi ndi doko, maso ake aja akakuyang'ana umaiwala chimene umafuna kusoketsa. Jamali ndi msodzi, wamtali, wakuda bwino, ali ndi kampata kumano. Awiriwa akufuna nikah, ukwati wa ku mzikiti, ndipo Jamali anapereka kale chikole, kawotchi kachikasu kamene Farida savula ngakhale akuchapa.

Vuto ndi amalume ake a Farida, a Twaibu. Eni mbumba ndi iwowo. Bambo a Farida anamwalira ndi chifuwa, chingambwe anasuta mpaka mapeto, ndipo amene ankawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala anali a Twaibu omwewo. Ndiye mawu awo anali achidule: "Mwana wa mlongo wanga sakwatiwa ndi munthu wosuta. Asiye kaye, tikambirana."

Koma Jamali fodya anamuyambira pa zimbowera, tinyumba ta mabango toyandama pakati pa nyanja ya Chilwa tomwe asodzi amagonamo, kumene kuzizira ndi udzudzu zimagwirizana zokumaliza. Kusiya sinali nkhani yamasewera. Ankhoswe anali atapangana kale zokumana Lachisanu.

*

Lachiwiri m'mawa Farida anatumidwa kukasiya foni ya amalume ku chaji. Foni ya a Twaibu imatha moto ngati chitini chobooka, ndiye imakhalira kwa Jenifa, mwini kashopu ka sola pamsika. Jenifa ameneyu doko lonse likudziwa kuti anamufunapo Jamali, ndipo ine ndikuona ngati sanasiye.

"Mkwatibwi wathu," anatero Jenifa asanalandire n'komwe foniyo. "Wotchi ija ikuyendabe?"

"Ikuyenda."

"Iziyenda. Zina zimaima pa tsiku lenilenilo."

"Ingotchajani foni asisi, za wotchi zili ndi mwini wake."

Jenifa anaweramira pa kauntala, ndipo pamenepo Farida anamva fungo. Mango. Osati mango wamba ayi, maboloma akupsa bwino osakaniza ndi switi. Mu Juni, abale, mitengo ilibe ngakhale duwa.

"Perefyumu wanji ameneyu?" pakamwa panafunsa pokha.

"Wakunja," Jenifa anamwetulira uku akulumikiza waya. "Ku Zomba simungamupeze. Amachita kukupatsa munthu."

Farida anachoka akudziuza kuti alibe nazo ntchito. Kkkk bodza.

*

Masana boti la a Jamali linakocheza. Anakumana pamalo pawo pa masiku onse, kuseri kwa mathandala oyanikapo matemba, pomwe anthu amakuonani koma samva zimene mukukamba. Jamali anali atasamba, wavala malaya abuluu aja anamusokera Farida.

"Fari wanga, ndakusowa ngati nyanja ya chaka chouma."

"Mmm, wayamba."

Anasendera pafupi kuti amukonzere kolala. Dzanja linaima m'malere. Msodzi amanunkha matemba, utsi ndi sopo wochapira, zimenezo Farida anazizolowera ndipo anazikonda. Koma pa malaya amene anasoka ndi manja ake panali mango. Maboloma. Ndi switi.

"Wachokera kuti?"

"Kunyanja, ukuona ndiwe."

"Ku nyanja kwayamba kupsa mango?"

Jamali anadzidzimuka. Dzanja lake linathamangira kuthumba la buluku ngati muli chinthu choti chingathawe. Farida anaona zimenezo. Sanalire, sanakuwe, anangokonza mpango wake bwinobwino n'kutembenuka. Anayenda mwaulemu mpaka pa chigayo, kenako anathamanga kkkk mtima wanga ine.

Mameseji anayamba asanafike n'kunyumba komwe.

Jamali: Fari ndalakwa chani

Farida: kafunse mango

Jamali: mango ake ati

Farida: omwe akupsa pa shopu ya sola

Jamali: sizomwe ukuganiza. ndikuonetsa mawa. ndimaopa kuti undiseka

Farida: ndikuseka kale

Sanali kuseka. Anali atakumbatira pilo, wotchi ili kukhutu.

*

M'mawa mwake Jamali anafika pakhonde losokera atanyamula malaya ong'ambika pakhwapa. Ndikukuuzani, anang'amba yekha dala, chifukwa ulusi unali wolimba bwinobwino.

"Kasitomala saloledwa kukhala pa benchi," anatero Farida osadzutsa mutu.

"Ndiima."

"Imani kutali, mukutchinga kuwala."

Jamali anayang'ana uku ndi uku, kenako anatulutsa kanthu m'thumba. Kakuda, konyezimira, kotalika ngati chala koma konenepa, kali ndi kasikirini ngati ka foni. Anaika chala chachikulu pambali pake. Kanthuko kananjenjemera, kanayaka zobiriwira. Anakaika pakamwa, n'kukoka, ndiye mtambo umene unatuluka m'mphuno mwake, abale, Farida anadumpha n'kugwira chigubu cha madzi.

"Ukupsa iwe."

"Sindikupsa, usandithire. Nunkhiza."

Mango. Khonde lonse mango.

"Imeneyi ndi vepu," anatero Jamali mwamanyazi. "Fodya wa batire. Wanditumizira msuweni wanga wa ku Joni nditamudandaulira za amalume ako. Akuti ndi ya mabwana, si zija zotaya ukamaliza. Mulibe moto, mulibe phulusa. Ukuona nambala ili apayi? Ndi mphamvu ya fodya. Imatsika yokha pang'onopang'ono, ngakhale nditakapempha sikandionjezera. Ikadzafika pa ziro ndiye kuti ndikungosuta mango basi, n'kukataya."

Farida anakhala pansi pang'onopang'ono. Chigubu chili m'manja.

"Ndiye fungo lija ndi kameneka?"

"Ndi kameneka."

"Osati munthu?"

"Munthu wanga ali pano, akufuna kundithira madzi."

Farida anayesa kulimba nkhope koma zinakanika, kuseka kunatulukira m'mphuno kkkk. Jamali ataona kuti zayera anakhala pa benchi yoletsedwa ija n'kuyamba maloto ake.

"Tangoganiza Fari. Pa nyanja machesi amanyowa, aka sikanyowa. Mwera ukawomba ndudu imazima, aka ayi. Chimbowera cha a Jafeti chinapsa chaka chatha chifukwa cha kanthu kakang'ono ka ndudu, aka sikangawotche bango. Msuweni akuti kukubwera zina zolumikiza ku foni, ukasuta kwambiri zizimuuza mkazi wako."

"Imeneyo ndiye ugule."

"Asodzi onse a pa chilumba cha Chisi atakhala nato timeneti..."

"Atchaja kuti, pa mlamba? Jamali, fodya ndi fodya, ngakhale avale suti."

Jamali anasiya kuseka. Anayang'ana manja ake.

"Ndikudziwa. Koma ndinayesa kusiya ndekha, Fari. Ndinataya paketi m'madzi, kenako ndinatsala pang'ono kudumphira momwemo kukaitola. Manja ankanjenjemera mpaka kulephera kumanga ukonde. Ndinatukwana mkulu wanga popanda chifukwa. Ndatafuna mitengo ya machesi mpaka m'kamwa zilonda. Sindikufuna udzandikweze pa njinga ngati mmene anawakwezera bambo ako. Aka si kabwino, koma ndi kokhako kandigwira dzanja."

Apa ine ndinasiya kaye kulemba, maso anachita madzi. Farida anatenga malaya ong'ambika aja kuti manja apeze chochita.

"Chizungu chonsechi wakaseta wekha? Iwe amene foni yako ndinakusetera ndine?"

"Wina anandithandiza."

"Umakatchaja kuti?"

"Kwa Gerishomo wometa uja."

"Osati kwa Jenifa?"

"Walahi, kwa Jenifa sindipondako."

"Chabwino. Koma Lachisanu ukawaonetse amalume."

"Iii Fari, andithamangitsa. Bwanji ndingonena kuti ndasiya? Ndudu ndasiyadi."

"Pa Kachulu pano chinsinsi chimagona kuti? Akamva kwa wina ndiye zatha. Ukanene wekha. Ine ndidzakhala pakhomo pomwepo."

Jamali anavomera ndi mutu. Farida anasoka khwapa lija akuimba, wosangalala moti panali funso limodzi limene sanadzifunse. Ine sindinena kkkk.

*

Lachisanu, anthu atatuluka ku mzikiti, mkeka unayalidwa pakhonde la a Twaibu. A Shaibu, amalume ake a Jamali, anawoloka pa boti kuchokera ku Chisi atavala mkanjo woyera wosita bwino. Jamali anakhala kumapeto kwa mkeka, miyendo atapinda, thukuta lili kamukamu mu Juni muno. Farida ndi mayi ake anakhala pakhomo, tiyi ndi zigumu ataperekera kale.

Analonjerana za kunyanja, za mpunga, za madzi amene akubwerera msanga chaka chino. Kenako a Twaibu anaika kapu pansi.

"A Shaibu, ine ndinapempha chinthu chimodzi. Mwana wanuyu wasiya?"

A Shaibu anatembenukira kwa Jamali. Jamali anayang'ana pakhomo. Farida anagwedeza mutu pang'ono.

"Ndudu ndasiya, amalume. Koma sindikufuna kukunamizani. Chikundithandiza ndi ichi."

Anakaika pakati pa mkeka. Onse anasendera m'mbuyo pang'ono.

"Ndi chithumwa?" mayi a Farida ananong'oneza mokweza moti ngakhale nkhuku zinamva.

"Ayi amayi, ndi ka batire."

Jamali anafotokoza zonse, za msuweni, za nambala yotsika yokha, za ziro. A Twaibu anamvetsera osaphethira. Anakatola ndi zala ziwiri ngati atola chule, n'kununkhiza.

"Fodya wonunkhira switi," anatero mwapang'onopang'ono. "Alamu anga ankasuta chingambwe. Chinali choipa, koma chinali chonunkha, mwana akamva ankathawa. Ichi chikuitana. M'nyumba muno muli adzukulu. Mawa mudzabereka anu. Adzachipeza pa tebulo, adzayesa switi. Mukuti bwanji pamenepo?"

Mtima wa Farida unagwa, chifukwa amalume sananame. Koma Jamali nkhope inawala.

"Pamenepo ndiye kali ndi nzeru, amalume. Kamadziwa chala changa chokha. Wina aliyense akakagwira sikayaka. Chala chimodzi dziko lonse. Tayesani."

A Twaibu anapukuta chala pa mkanjo, n'kudina. Kanthuko kananjenjemera n'kuphethira zofiira. A Twaibu anatsala pang'ono kukaponya pa denga kkkk.

"Kaluma?" anafunsa a Shaibu.

"Kakana."

"Bweretsani kuno, ine ndi magazi amodzi ndi mwiniwakeyu."

A Shaibu anayesa chala chachikulu. Zofiira. Chamkombaphala. Zofiira. Anayesa zala zonse za manja awiri, anayesa kukanyengerera m'Chiyao, zofiira basi.

"Kopanda ulemu," anatero pokabweza.

Mayi a Farida anayesa atati Bismillah kaye. Zofiira. Kenako a Twaibu anakodola Farida. Farida anabwera chogwada, n'kuika chala chake. Zofiira.

"Mwaona amalume," anatero Jamali, "ngakhale mkazi wanga kakumukana."

Mkazi wanga. Pamaso pa akuluakulu. Farida anabwerera pakhomo nkhope ataphimba ndi mpango, mayi ake akumutsina m'nthiti.

Jamali anaika chala chake. Zobiriwira. A Twaibu anayang'anitsitsa kanambala kaja.

"Sindikakonda," anatero pomaliza. "Koma mukanatha kundinamiza, ndipo simunatero. Alamu anga ankabisa fodya m'thumba la mpunga n'kumalumbira kuti asiya. Inu mwaika pa mkeka. Ndiye imvani. Nambala iyi ikafika pa ziro mubwere nako kuno, ndidzakaphwanya ndekha ndi hamala. Tsiku lomwelo tidzatchula tsiku la nikah."

"Alhamdulillah," anatero a Shaibu, n'kutenga chigumu chachiwiri.

Mayi a Farida anali atatsegula kale pakamwa kuti aimbe nthungululu.

*

"Odi kuno."

Anali Jenifa. Wavala chitenje mwaulemu, foni ya a Twaibu ili m'manja. M'mawa umenewo foniyo inapitanso ku chaji, ndipo palibe tsiku limene Jenifa anaibweretsapo yekha, amadikira munthu akatenge. Lero lokha anapeza miyendo.

"Ndinaona kuti yadzaza, ndiye ndati akuluakulu asavutike," anatero akugwada, n'kupereka ndi manja awiri.

"Zikomo mayi, mwachita bwino."

Jenifa anadzuka kuti azipita. Kenako maso ake anagwera pa mkeka.

"Iii, kameneka mwakasiya poyera chonchi? Kamadana ndi fumbi."

Anawerama n'kukatola, ngati munthu wongofuna kuthandiza. Chala chake chachikulu chinakhala pambali paja, pamalo pake penipeni, osafufuza.

Kananjenjemera.

Zobiriwira.

Abale, pakhonde panazizira. Chigumu cha a Shaibu chinaima panjira. Mayi a Farida anatseka pakamwa pang'onopang'ono. Ndipo Farida, funso lija sanadzifunse Lachitatu linafika lokha: ngati mango a pa malaya a Jamali anachokera mu kanthu aka, nanga mango a pa Jenifa anachokera kuti?

"Chala chimodzi dziko lonse," anatero a Twaibu motsitsa. "Munatero, eti?"

Jamali anali atadzuka, maso ali pa kuwala kobiriwirako. Kunena zoona nkhope yake inali ya munthu amene sakudziwa chimene chachitika, ine ndinamumvera chisoni. Koma pakamwa pake, mayo, pakamwa pake.

"Jenifa, unachita chiyani tsiku lija unkandisetera?"

Anazindikira mawuwo atatuluka kale.

"Tsiku liti?" anafunsa Farida. Mawu ake anali ofatsa kwambiri. "Kwa Gerishomo?"

"Fari, ndinangopita kamodzi, Chizungu chinandikanika. Ndinaopa kuti ukamva ukwiya. Za chala chake sindikudziwa, walahi."

"Walahi unanenanso Lachitatu."

Jenifa anakabwezera pa mkeka mosamala, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Ndinangoyesa ngati kamagwira, Jama. Iwe unali pompo. Komanso mango atsala pang'ono, ndinakuuza kuti uitanitse ena."

Farida anachoka pakhomo paja. Anabwera chogwada mpaka pa mkeka monga anachitira poyamba paja. Lamba wa wotchi anavuta kumasula, koma anamasula. Pamkono panatsala mzere woyera pomwe dzuwa silinafikepo chilandirireni chikole. Anaika wotchiyo pafupi ndi vepu, n'kulowa m'nyumba osacheuka.

Jamali anafuna kumutsatira. A Shaibu anamugwira buluku n'kumukhazika pansi.

Jenifa anayamba kusendera ku msewu.

"Mayi," anatero a Twaibu, "foni ndalandira. Koma musapite. Khalani pa mkekapo, pali malo."

Jenifa kumwetulira kuja kunathawa. Anakhala.

Kuwala kobiriwira kunazima kokha. Pambali pake, wotchi ija inali ikuyendabe.